Nkhope ya Yosiya Pakhoma la Holo

Kuseri kwa chithunzi chilichonse chojambulidwa ku Madumabisa, komboni ya mgodi wa ku Wanki, m'zaka zimenezo kunali chidindo cha inki yofiirira: "T. Kamchacha, Wojambula, Wanki." Tobiasi Kamchacha ndiye anagula kamera, ndiye anakasemetsa chidindocho ku Bulawayo, ndiyenso ankatembenuka anthu akaitana kuti "a Kamera!" Koma Tobiasi ankalowa mumgodi wa malasha masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndipo potuluka manja ankamunjenjemera. Zithunzi zimene anajambula yekha m'chaka choyamba zinali za anthu opanda mitu, ena opanda mapazi. Motero ntchitoyo inatsetserekera kwa mkazi wake Evangelina, mwakachetechete, monga zimatsetserekera ntchito zambiri za pakhomo. Iye ndiye ankaimika anthu kutsogolo kwa nsalu yokhala ndi mitengo ya kanjedza. Iye ndiye ankadzitsekera m'kachipinda kamdima kuseri kwa nyumba n'kumatsuka mafilimu m'mbale zachitsulo, thukuta likulowa m'maso. Chithunzi chikauma ankauzira mpweya pachidindo n'kudinda dzina la mwamuna wake. Komboni yonse inkadziwa zimenezi, koma inkathokozabe a Kamera.

Pamsomali pafupi ndi nsaluyo pankalendewera jekete imodzi yotuwa, tayi, ndi wotchi yakufa imene inaima pa teni koloko nkhondo isanathe. Mwamuna aliyense wofuna kutumiza chithunzi kumudzi ankavala zimenezo. Ku Ntcheu, ku Katete, ku Angonia, amayi ambirimbiri ankasunga m'Baibulo chithunzi cha mwana wawo atavala jekete imodzimodziyo, aliyense akunyadira kuti wake ndiye zinamuyendera ku Wanki.

Panalinso ntchito ina imene Evangelina sankachitira nthabwala. Munthu akamwalira ku Wanki mtembo sunkapita kwawo, chifukwa kunali kutali ndipo dzuwa la kumeneko silidikira sitima. Choncho bokosi lisanakhomedwe ankamuitana kuti ajambule nkhope ya malemu, kuti a kumudzi adzaone ndi maso awo kuti mwana wawo anasambitsidwa, anavekedwa, anaikidwa ngati munthu. Pa zimenezi anali ndi lamulo, ndipo analipanga yekha. Zithunzi za maliro ankatsuka ziwiri zokha: china cha wamasiye, china chopita kumudzi. Filimu yake ankaisunga m'chitini cha mabisiketi, pansi pa kabati ya mafilimu ena onse, mpaka kalata itabwera yonena kuti chithunzi chafika. Kalatayo ikabwera ankaitana wamasiye n'kutentha filimuyo pamaso pake. Chifukwa cha lamulo limeneli, ngakhale akazi amene ankaopa kamera ankamutsegulira chitseko cha siwa.

Mu Okutobala wa 1956 m'chitinimo munali filimu imodzi yokha, ya Yosiya. Yosiya anali wa ku Katete, wokankha ngolo pansi pa mgodi, wotsogolera kwaya, munthu amene ngakhale thobwa logona ankalikana. Chibayo chinamugwira Lolemba, Lachisanu anamuika. Chithunzi chake chinapita kwa amayi ake pa positi, koma kalata inali isanabwere.

Ndi mwezi womwewo, mwezi umene miyala imatentha mpaka kupyola nsapato, pamene anafika a Pitala Mseteka, mlaliki woyendayenda wolimbana ndi mowa. Anatsika sitima ya ku Bulawayo ndi bokosi lathabwa lodzaza magalasi a zithunzi, ndi makina oonetsera magalasiwo pakhoma, amene anthu anangowatcha bayisikopo yosayenda. Anali munthu wa mawu aakulu, wokonda kumva dzina lake likutchulidwa. Lachiwiri anaitanitsa wojambula kuti awajambule pachipata cha biyaholo akukhuthulira mowa pansi. Ataona kuti wabwera ndi mkazi, anafunsa kuti mwini kamera ali kuti.

"Ali pansi, bambo, akukumba malasha. Imani apo, dzuwa likhale kumaso."

A Pitala analanda chitini cha mowa kwa munthu wina amene anali atatopa nacho kale, anachigwira ndi manja awiri n'kuyamba kuchikweza, uku akufuula vesi. Evangelina anadina kawiri. Koyamba chitini chinali chikudutsa pakamwa pawo popita m'mwamba, kachiwiri mowa unali ukukhuthukira m'fumbi. Mawa lake anawapatsa chachiwiricho. Anachiyang'ana, anachitembenuza, anawerenga chidindo.

"Mukawathokoze amuna anu, mayi. Ali ndi dzanja."

Lachinayi Evangelina anapita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi. Tobiasi tsiku limenelo anali pakhomo chifukwa cha chala chimene chinaphwanyidwa ndi mwala. Pobwerako Evangelina anapeza mbale zake za m'kachipinda zili zonyowa. Tobiasi anati a mlaliki anangopempha pamdima kuti akonze magalasi awo. Evangelina anadandaula za mankhwala ake otsukira amene anachepa, kenako anaiwala.

Loweruka masana holo ya komboni inadzaza. Mawindo anawatchinga ndi mabulangete kuti mude, moti mkatimo munkatentha ngati m'ng'anjo. Evangelina anakhala pa benchi ya akazi pamodzi ndi Mailesi, mkazi wa Yosiya, amene anali asanavule zakuda. Evangelina anachita kukamukoka yekha kunyumba kuti atulukeko, akaone anthu.

A Pitala anayamba ndi kulengeza ulendo wawo. Lolemba akwera sitima ya kumpoto. Zithunzi zomwezi akazionetsa ku Livingstone, ku Lusaka, ku Fort Jameson, mpaka ku Katete, ndipo anatchula tchalitchi chilichonse ndi dzina la mbusa wake kuti anthu amve kuti amadziwika.

"Tchalitchi cha ku Katetecho chili kuseri kwa nyumba ya apongozi anga," ananong'ona Mailesi. "Ndikanadziwa ndikanawapatsira sopo."

Zithunzi zoyamba zinali za kutsidya kwa nyanja: azungu a ndevu atagona m'ngalande, ana awo akulira pazitseko. Anthu anayang'ana mwaulemu, akudzikupiza ndi zipewa. Wina kumbuyo anafunsa ngati azunguwo anali ochokera pa shifiti.

"Mukuti ndi za kutali," anatero a Pitala. "Chabwino. Nawa anthu anu a konkuno." Galasi lina linalowa m'makina. "Onani munthu wodziletsa! Onani jekete! Onani wotchi! Uyu phazi lake silidziwa njira ya kubiyaholo."

Pakhoma panaima Fideli, wamtali kuposa chitseko, atavala jekete yotuwa ija. Fideli yemwe uja, amene ankadziwa dzina la mayi aliyense wofulula mowa wa sikokiyani kuyambira ku mgodi wa Nambala Wanu mpaka wa Nambala Fili. Holo inaphulika. Amuna ankamenya mabenchi ndi zikhatho.

"Jekete yangatu iyo!"

"Aikona, ndi yanga! Akazi anga ku Dedza amaidziwa!"

Fideli mwiniwake anaimirira pakati pa anthu, akudzandira pang'ono, n'kuwerama mbali zonse zinayi.

Evangelina sanaseke. Nsalu ya kanjedza anaizindikira, ndi kamthunzi ka kumanzere kamene ankalimbana nako nthawi zonse. Filimu ya Fideli inkakhala m'kabati, ndipo pansi pa kabatiyo ankadziwa chimene chinalipo. Anakumbukira mbale zonyowa zija.

A Pitala anayesa kuti anthu akondwera ndi phunzirolo, ndipo anakweza mawu. "Sekani tsopano! Nayu mnzake."

Nkhope ya Yosiya inadzaza khoma lonse. Maso otseka, kolala yoyera imene Mailesi anasita ndi manja ake. Pachithunzi chaching'ono chija ankaoneka ngati wagona tulo. Pakhoma, atakula chotero, chilichonse chinkaoneka: milomo youma, chipsera cha pachipumi, thabwa la bokosi losapalidwa bwino.

Kuseka kunaduka pomwepo.

"Dzina lake sindilitchula," anatero a Pitala, mawu atawatsitsa ngati a pamanda. "Uyu anayamba ndi kapu imodzi. Mkazi wake analira, iye osamva. Ana ake anagona ndi njala, iye osamva. Lero suyu? Mowa ndi umene unamugoneka m'bokosi ili."

Mailesi sanalire. Anaimirira, mutu wake unalowa m'kuwala kwa makinawo, mthunzi wake unagwera pankhope ya mwamuna wake, ndipo anatuluka. Ndi pamene wina anakuwa, "Ndi Yosiya uyo! Wabodza iwe!" Mabenchi anagwa. Wina anakoka bulangete pawindo, dzuwa linalowa, Yosiya anazimiririka pakhoma. Pamene anthu ankafika kutsogolo n'kuti akulu a mpingo atatulutsa kale a Pitala ndi bokosi lawo pachitseko chakumbuyo.

Kunyumba Evangelina anapeza Tobiasi atakhala pakhonde, chala chomangidwa chija atachiimika m'mwamba ngati mboni yake. Kuholo sanapite, koma nkhani inali itamufika kale. Evangelina anamudutsa, analowa m'kachipinda, anatsegula chitini. Filimu ya Yosiya inalimo, yopindika pakona, chala cha munthu chitadindika pamwamba pake. Anatuluka nayo ataigwira m'mphepete.

"Bambo a Letty, ichi n'chiyani?"

"Anabweza, si choncho? Palibe chasowa."

"Ndakufunsani kuti n'chiyani."

"Munthu wa Mulungu anapempha. Anati akufuna nkhope za konkuno, ina ya munthu wovala bwino, ina ya... Anati zithunzi zanga zikaoneka mpaka ku Lusaka."

"Zithunzi zanu."

"Dzina lili kuseriko ndi la yani?"

Akazi a nyumba yoyandikana nayo anali atasiya kusinja.

"Tsiku la maliro a Yosiya munali kuti?"

"Ukudziwa kuti ndinali pa shifiti."

"Amene anagwada pambali pa bokosi n'kupempha Mailesi kuti asunthe kandulo ndi ndani? Amene anamulonjeza kuti zithunzi zikhala ziwiri ndi ndani? Inu filimu mumaigwira ngati fosholo. Taonani chala chanu apa."

"Sindinadziwe kuti akanena za mowa."

"Mlaliki wa mowa! Munkati akanena za chiyani, za mpira?"

Tobiasi anatsitsa chala chija n'kuyang'ana nyerere zimene zinkadutsa pakhondepo.

"Anapanga magalasi angati?"

"Limodzi la Fideli, limodzi la Yosiya. Ndinaona ndekha."

"Munaona nokha. Zikomo kwambiri, a Kamera."

Evangelina anakamupeza Mailesi kunyumba ya mlongo wake, kumene ankakhala chichitikireni maliro, akutsuka mbale zimene zinali zoyera kale.

"Mayi a Sunday," anayamba Evangelina, akumuitana ndi dzina la mwana wake.

"Munati ziwiri," anatero Mailesi osatembenuka. "Changa chili m'sutikesi. China chili ku Katete. Chachitatu chija chatuluka kuti?"

Evangelina anafotokoza za Lachinayi, za chala cha Tobiasi, za mbale zonyowa. Mawu ake omwe anamunyansa, chifukwa ankamveka ngati a munthu amene akudzichotsapo.

"Amene anandilonjeza si amuna anu. Munandilonjeza ndinu." Mailesi anaika mbale pansi. "Apongozi anga ndikuwadziwa. Chithunzi chija achionetsa kale mudzi wonse. Munthu uja akakachiika pakhoma la tchalitchi chawo, ndani sadzamuzindikira? Adzati Yosiya anafa ndi mowa, mkazi wake anatibisira, anatinamiza kuti chibayo. Mayi uja anamulera yekha mwana ameneyu. Mukufuna adzafe akudziwa kuti anabereka chidakwa?"

"Galasi limenelo silikwera sitima."

"Lonjezo linanso," anatero Mailesi, n'kutolanso mbale ija.

Lamulungu mapemphero atatha, akulu a mpingo anakhala pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi, a Gabrieli akutsogolera monga mkulu wa onse. A Pitala anawapatsa mpando, Tobiasi anakhala pa benchi, Evangelina anagwada pansi monga amachitira akazi pamilandu. A Pitala anapepesa bwino kwambiri. Anati mtima wawo unasweka atamva kuti wamasiye anali m'holomo. Anati ku Wanki sadzachionetsanso chithunzicho.

"Ndiye mutipatse galasilo," anatero Evangelina.

"Mayi, chithunzicho ndinapatsidwa ndi mwini wake. Dzina lake lili pachidindo, ndipo ndi uyu wakhala apayu. Galasi ndi langa, ndinabwera nalo kuchokera ku Bulawayo. Kutsogoloko munthuyu samudziwa. Nkhope imodzi ikapulumutsa anthu zana, malemu ataya chiyani? Iwo ali kale kwa Ambuye."

"Ku Katete ndi kwawo."

"Ndikakafika kumeneko ndidzaona."

"Mwamva, mayi," anatero a Gabrieli mofatsa. "Adzaona." Anaonjezera kuti popeza anapereka ndi mwamuna, wopempha akhalenso mwamuna.

Tobiasi anaimirira, chipewa chili m'manja, n'kupempha ndi mawu amene sakanathamangitsa ngakhale nkhuku.

"Munapereka ku ntchito ya Mulungu, bambo Kamchacha," anatero a Pitala. "Lero mukufuna kulanda?"

Tobiasi anakhala pansi. Akulu anapemphera, nkhani inatha.

Evangelina sanadikire mwamuna wake. Anayenda mofulumira mpaka kunyumba, mawondo ali ndi fumbi la pogwada paja, osalisasa. Chikwatiwireni anali asanagwirepo ntchito ya zithunzi tsiku la Sabata, koma masana amenewo anadzitsekera m'kachipinda. Anafufuza m'kabati mpaka anapeza filimu ya Lachiwiri, yoyamba ija imene palibe anaifunsa. Ankafulumira moti anataya mankhwala pansi, ndipo anadzitukwana yekha mumdimamo. Anali wokwiyira mlaliki, wokwiyira Tobiasi, wokwiyira akulu ndi pemphero lawo. Koma kuposa onsewo anali wodzikwiyira yekha, chifukwa zaka zisanu ndi chimodzi ankadinda dzina la munthu wina kuseri kwa ntchito yake n'kumati palibe kanthu. Tsopano kanthu kake kanali kataoneka, kakakulu ngati khoma la holo.

Nkhope ya a Pitala inatuluka pang'onopang'ono m'mbale. Evangelina anaiyang'ana n'kuvomereza mumtima kuti chinali chimodzi mwa zithunzi zake zabwino kwambiri. Anatsuka zisanu. Zitauma analemba pansi pa chilichonse ndi pensulo: "A Pitala Mseteka pa biyaholo ya ku Wanki, Lachiwiri masana." Chidindo sanachikhudze.

Lolemba m'mawa Tobiasi atalowa mumgodi, Evangelina anakagogoda kwa Mailesi.

"Tiyeni mukaone nokha. Ndikalephera mukanditukwane pomwepo, pa anthu."

Mailesi anamanga duku lake lakuda. Awiriwo anayenda wapansi mpaka kusiteshoni ya Thomson Junction, fumbi la malasha likumata pathukuta, ngolo zodzaza zikugundana m'njanji zambirimbiri za pamenepo. A Pitala anawapeza kumapeto kwa pulatifomu, kumene ankadikirira anthu akuda, atakhalira bokosi lawo lathabwa ngati nkhuku pamazira.

"Mayi, nkhani ija inatha dzulo."

Ulendo uno Evangelina sanagwade. Anatulutsa chithunzi chimodzi m'thumba n'kuwapatsa.

A Pitala anachiyang'ana, anachitalikitsa, anachiyandikitsanso. Chitini cha mowa chinali pakamwa ndendende, manja awiri atachikumbatira, khosi litatambasuka, maso atatsinzina pang'ono chifukwa cha dzuwa. Kumbuyo kwawo chikwangwani cha biyaholo chinkawerengeka bwinobwino.

"Ili ndi bodza! Ndinkachikweza kuti ndikhuthule! Inu munalipo!"

"Ndinalipo. Werengani pansipo, mundionetse liwu labodza."

Milomo ya a Pitala inayenda powerenga. Anawerenga kawiri.

"Ndatsuka zisanu," anatero Evangelina. "Ichi ndi chanu, sungani. Zinayi zili m'maenvulopu awa: Livingstone, Lusaka, Fort Jameson, Katete. Mayina a abusa munatiwerengera nokha Loweruka. Thumba la makalata likwera sitima yomweyi, ngolo ya kutsogolo. Adzatsegula makalata inu musanamasule zingwe za bokosi lanu."

"Mulibe chilolezo! Nkhope iyi ndi yanga!"

Apa Mailesi analankhula koyamba chinyamukireni kunyumba. "Nanga ija ya pakhoma inali ya yani?"

Anthu odikira sitima anali atayamba kusendera pafupi. Wantchito wina wa njanji, ovololo yake ili mbuu ndi girizi, anasuzumira paphewa pa a Pitala, analiza mluzu, n'kufunsa m'Chilapalapa, chinenero cha kumigodi, ngati mowawo unali wokoma. "Mushe, mfundisi?" Anzake anaseka mpaka kugwira mawondo.

A Pitala anatembenuza chithunzicho msangamsanga, kufunafuna chidindo. Kuseri kunali koyera.

"Ndiuza amuna anu. Dzina lawo..."

"Silipo. Ichi sanajambule iwo, monganso cha Yosiya sanajambule iwo. Wojambula ndine. Munapempha kwa munthu wokumba malasha. Ngati mukufuna kulankhula ndi mwini zithunzi, ndi ine ndaima pano. Ngati simukufuna, poponyera makalata ndi apo."

Kutali sitima inalira. Anthu anayamba kunyamula mitolo yawo. A Pitala anayang'ana kumene kunali kutuluka utsi, anayang'ana maenvulopu, kenako anaimirira n'kuyamba kumasula zingwe. Mfundo ina inakana, anachita kuiluma ndi mano. Magalasi anali ataimikidwa m'mizere, ndipo anatulutsa atatu olakwika asanapeze loyenera. Evangelina analikwezera kudzuwa. Yosiya anali momwemo, wamng'ono ngati kale, ngati wagona tulo.

"Ndi la Fideli lomwe," anatero Evangelina.

"Limenelo silinalakwire munthu."

"Si lanu."

Analipereka. Evangelina anawapatsa maenvulopu anayi aja, ndipo iwo anawatsegula onse kuti atsimikize, n'kuwakankhira m'thumba lamkati la jekete.

"Nanga filimu yake?" anafunsa a Pitala.

"Ili kunyumba. Lamulo langa silinasinthe, ndimatentha kalata ikabwera. Apongozi a mayi awa akadzalemba kuti munadutsa ku Katete ndipo za mwana wawo sanamve chilichonse, ndidzaitentha. A Gabrieli adzakhalapo, adzaona."

"Mulungu akuona, mayi."

"Loweruka anaonanso. Khoma lija linali lalikulu."

Sitima inafika ndi nthunzi ndi phokoso lake. A Pitala anakweza bokosi lawo okha, palibe anawathandiza, ndipo anakakhala mbali imene zenera lake silinkayang'ana kupulatifomu. Akazi awiriwo anaima pomwepo mpaka ngolo yomaliza inakhota n'kubisika kuseri kwa milu ya malasha.

Evangelina anapereka galasi kwa Mailesi. Anawerama m'mbali mwa njanji, anatola mwala wokwana m'dzanja, n'kumupatsanso.

"Phwanyani nokha, mayi a Sunday."

Mailesi sanaulandire mwalawo. Anakwezera galasilo kudzuwa monga anachitira mnzake, n'kuyang'ana kwa nthawi yaitali, mpaka maso anayamba kuchucha, kaya ndi dzuwalo, kaya ndi china.

"Kalata ya apongozi sinabwere," anatero. Anakulunga galasilo m'kansalu n'kuliika pachifuwa. "Likhala kwa ine. Filimu ijanso mundipatse, ikadikirire kalata m'sutikesi mwanga. Chitini chanu chija chimalowa manja ambiri."

M'zaka zisanu ndi chimodzi panalibe wamasiye amene anamupemphapo zimenezo. Evangelina anatsegula pakamwa kuti anene kuti agula loko, kuti kiyi wake azivala m'khosi, kuti sizidzachitikanso. Anaona nkhope ya Mailesi, n'kutseka.

"Tikatenge pompano," anatero.

Anaponya mwala uja pakati pa njanji. Anauyamba ulendo wobwerera ku Madumabisa, Mailesi patsogolo dzanja lili pachifuwa, Evangelina pambuyo ndi galasi la Fideli.